Ndinasainira Nzeru Yosakhala Yanga

Mwaswera bwanji nonse? Mundikhululukire, ndilankhula chokhala, msana wanga unadana kalekale ndi msewu wobwera kuno ku boma. Dzina langa ndine Kondwani. Anthu a kuno amandidziwa ngati wokonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Lisungwi. Inu amene mwachokera ku Blantyre ndi malaputopu anu mumandidziwa ndi dzina lina, lija simungalitchule ine ndili pano. Musavutike, ndinalimva kale, ndipo amene analipeka sananame.

Okonza msonkhano uno anandipempha kuti ndikuphunzitseni kulemba mapulogalamu ogwira ntchito kumalo kopanda netiweki. Ndinawayankha kuti zimenezo Tadala, mayi wakhala kutsogoloyu, aphunzitsa bwino kuposa ine. Ine ndabwera chifukwa anditsina khutu kuti ena mwa inu makampani ayamba kukuimbirani mafoni, kukuitanirani ku nkhomaliro. Inenso anandiitanira ku nkhomaliro. Ndiye ndingokuuzani mmene zinathera, basi.

Ndinafika ku Neno ndili mnyamata, atanditumiza kudzagwira ukalaliki wa makompyuta a zachipatala. Kwathu ndi ku Kasungu, kumene munthu umaonera patali kumene ukupita. Kuno ndinapeza mapiri, ndi netiweki yochita kusaka ngati bowa. Zipatala zing'onozing'ono za kumtunda zinali ndi vuto limodzi lalikulu. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi akapanda kubwera pa tsiku lake kudzatenga mankhwala, uthenga unkayenera kufika kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake kuti akamuone. Koma uthengawo uyenda bwanji? Foni siikugwira, mtsinje wadzaza, njinga yamoto ya chipatala ilibe mafuta.

Pa chimodzi mwa zipatala zimenezo panali namwino wachikulire, aNankhoma. Iwo anali ndi njira yawoyawo. Uthenga sankatuma munthu mmodzi ayi. Ankauza wakabaza amene wabweretsa wodwala, kuuzanso mayi wopita kukagulitsa kachewere, kuuzanso mphunzitsi wodutsa, aliyense wolowera mbali imeneyo: mukawaona alangizi a mudzi wakuti, muwauze akayendere nyumba yakuti. Tsiku lina ndinawafunsa ngati zimenezi sizisokoneza.

“Kusokoneza chiyani?” anatero. “Wina aiwala, wina akhotera kumowa, koma mmodzi afikitsa. Alangizi akamva kawiri sizipweteka.” Kenako analoza foni yanga ndi cholembera. “Kodi mafoni anuwa bwanji sachita chimodzimodzi? Ana anga amapatsirana nyimbo popanda netiweki. Uthenga wa odwala ungakanike chifukwa chiyani?”

Nzeru yonse inali imeneyo. Gwirani pamenepo, chifukwa mlandu wanga wonse wagona pamenepo. Sinali nzeru yanga.

Panthawiyo ndinali kale m'gulu la olemba mapulogalamu a openi sosi. Kwa inu amene mwangoperekeza anzanu, openi sosi ndi pulogalamu imene khodi yake, ndiko kuti malangizo onse oiyendetsa, imaikidwa poyera. Aliyense atha kuitenga, kuikonza, kuipatsa mnzake, bola asaitsekere ena. Zili ngati kulambula msewu wa m'mudzi: aliyense amabwera ndi khasu lake, ndipo mukamaliza palibe amene amamangapo geti. Ndinalemba pa gulu zimene aNankhoma ananena, ndi dzina lawo lomwe. Tadala, amene ankagwira ntchito ku Zomba, analemba mbali yokhoma uthenga kuti wonyamula asauwerenge. Ine ndinalemba mbali yoti mafoni azizindikirana akayandikana. Ena a ku Lilongwe, ena a kunja amene sitinaonanepo nkhope, anakonza apa ndi apo. Ndipo zinatheka. Foni ya namwino ikayandikana ndi ya dalaivala wa ambulansi inkaipatsira mauthenga, ya dalaivala ikadutsana ndi ya mlangizi pamsika, uthenga wafika, eni ake akungopatsana moni.

Zaka zinapita. Alendo ankabwera, kujambula zithunzi, kukakamba za pulogalamuyo m'mahotela a kunja. Ine malipiro omwe aja a kalaliki. Ndinali nditakwatira mkazi wa konkuno, wa ku Matandani, amake Mphatso, ndipo mwanayo ankakula. Ndinkalemba khodi Loweruka anzanga ali ku mpira, Lolemba n'kukaimirira pamzere wa minibasi ngati wina aliyense. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikunena chifukwa ndikuona nkhope zina muno zatopa chimodzimodzi, ndipo pa kutopa pamenepo ndi pamene amalowerapo.

Kampaniyo sindiitchula, loya anandiletsa. Bambo amene anandiitanira ku nkhomaliro anali waulemu, wodziwa kumvetsera. Sanayambe ndi ndalama. Anayamba ndi mantha.

“AKondwani, nzeru yanuyi ili pambalambanda,” anatero. “Mawa kampani yaikulu ya kunja ikaitola n'kuilembetsa patenti, nonse akuletsani. Tiyeni tiilembetse ife a konkuno, tiiteteze.”

Patenti ndi chikalata chimene boma la dziko limapereka, chonena kuti njira yakuti anaitulukira ndi uje, ndipo wofuna kuigwiritsa ntchito ayambe wapempha kwa mwini wake. Ndinafunsa kuti nanga zipatala zathu? Anandionetsa m'panganomo pamene analemba kuti aliyense wolandira pulogalamuyo kudzera ku kampani yawo sadzaimbidwa mlandu. Ine ndinamva “aliyense.” Mawu otsatirawo khutu langa linawadumpha dala, chifukwa tsamba lotsatira linali ndi malipiro a ntchito imene ankandipatsa.

Gulu ndinaliuza, koma theka chabe. Tadala anandiimbira tsiku lomwelo.

“Kondwani, amene satenga kudzera ku kampaniyo aima pati?”

“Palibe amene awavute.”

“Zalembedwa?”

“Sizinalembedwe, koma ndi anthu abwino.”

“Ndiye chipatala chokhala ndi ndalama chikhale ndi chikalata, chopanda ndalama chikhale ndi chikhulupiriro, eti? Ndiponso nzeruyo wawauza kuti ndi ya ndani?”

Ndinapsa mtima, chifukwa anagunda penipeni. Ndinamufunsa ngati iyeyo anandilipirapo, ngati gululo linagulirapo mwana wanga nsapato. Kenako anati, “Ayi, silinagulepo. Ngati vuto ndi limenelo, bwera nalo pa gulu tilikambe. Koma usagulitse chinthu chimene tagwira anthu ambiri.” Ndinamudulira foni.

Gulu linagawanika pakati. Ena anandiikira kumbuyo. Ankati openi sosi sidyetsa munthu, ndipo anzathu a kunja amene amatilalikira za ufulu ali ndi malipiro awo pakutha pa mwezi. Musaganize kuti zonsezo zinali zabodza, mbali ina inali yoona, n'chifukwa chake zinkakoma kumva. Ena ndiwo anapeka dzina lija. Anthu amene anagwira ntchito limodzi zaka zambiri anasiya kuyankhulana chifukwa cha ine.

Tsiku losaina, maloya anali atailemba nzeru ija m'Chingerezi chokulungiza, moti aNankhoma akanawerenga sakanamuzindikira wakabaza wawo. Panali pepala lolumbirira kuti wotulukira njirayo ndine ndekha. Ndinafunsa monong'ona kuti kodi poti khodiyo yakhala ili poyera zaka zonsezi, sizivuta? Loya sanadzutse n'komwe mutu. Anati zimenezo ofufuza akazipeze okha, ife sitingawagwirire ntchito yawo. Ndinasaina. Dzanja silinanjenjemere, musandiganizire zabwino.

Zotsatira ndizithamangitsa, chifukwa zinathamanganso. Ndinasiya ntchito ya boma. Ndinasamukira ku Blantyre, nyumba ya mpanda, galimoto ya ngongole. Kampani inalembera mabungwe onse ogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere, mwaulemu kwambiri, kungowakumbutsa kuti patenti ilipo. Mpaka lero palibe amene anatengeredwa ku khoti. Sikunafunike. Mkulu wa bungwe akangomva liwu loti loya, thukuta limayamba lokha. Gulu lathu linalibe ndalama zolimbanirana ndi aliyense, ndiye Tadala anachotsa mbali yopatsirana mauthenga mu pulogalamu yaulere, ndi manja ake omwe. Yotsalayo inkafuna netiweki, ndipo kumapiri kuno inali ngati tochi yopanda mabatire. Ya kampani ija zipatala zinaigwiritsa ntchito pamene othandiza ankalipira. Pulojekiti ya othandizawo itatha, nazonso zinasiya.

Ine ku ofesi ndinalibe chochita. Anandipatsa mpando wozungulira, koma khodi ankalemba anthu ena kunja. Ndinachedwa kuzindikira kuti sankafuna manja anga, ankafuna siginecha. Pa gulu anandichotsa. Mowa unayamba ngati wa Lachisanu, wokondwerera kuti tsopano ndine munthu. Kenako unakhala wa Lachitatu, kenako woti ndigone, kenako woti ndidzuke. Amake Mphatso anapirira mpaka pamene ndinaiwala mwana pa geti la sukulu dzuwa n'kulowa. Polongedza anangoti, “Munthu amene ndinakwatiwa naye ankakamba za odwala mpaka kunditopetsa. Inuyo sindikukudziwani.” Anabwerera ku Matandani. Kontirakiti itatha sanaiwonjezere. Galimoto banki inatenga. Laputopu ndinapinyolitsa, sindinakaiwombole. Ndinafika pogona pa benchi ku depoti, ndikuuza anthu osandifunsa kuti ndili ndi patenti.

Kwathu ku Kasungu ndinachita manyazi kupita. Amene ananditola ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi yemweyo amene ndinamuvutitsa. Anandipeza ku depotiko atabwera kudzapikula katundu wa sitolo yawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, “Kwerani. Sindikuchitira inu, ndikuchitira Mphatso.” Anandipatsa kachipinda kuseri kwa sitolo ku Lisungwi, ndi tebulo pakhonde. Ntchito yanga inakhala kusintha magalasi a mafoni ndi kuika nyimbo m'makadi. Mowa sindinasiye, ndinangotsikira ku kachasu. M'mawa manja ankanjenjemera moti tizitsulo ta foni ndinkatisaka m'fumbi makasitomala akuonerera.

Tsopano apa ndipita pang'onopang'ono.

Linali tsiku la msika, nyengo yotentha, dzuwa la ku Lisungwi lija lofika mpaka m'mafupa. Ndinali nditazyolika pa tebulo. Ndinangoona foni yaikidwa patsogolo panga, yakale, ya ntchito, yomangidwa ndi kalabala kuti batire lisagwe. Nditadzutsa mutu ndinaona aNankhoma. Anali atakalamba, tsitsi layera, ambulera ili m'khwapa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanathawa. Ndinayembekezera mawu ondikalipira, ndipo mawu ake ndinali nditawakonza kale m'mutu mwanga kambirimbiri.

“Muli bwanji, aKondwani?”

“Ndili bwino, mayi. Kaya inu?”

“Tilipo. Ndamva kuti mumakonza mafoni.”

Ndinati inde, n'kufunsa chimene chawonongeka. Anati palibe. Akuluakulu a bungwe limene linapereka mafoniwo alamula kuti pulogalamu yakale ija ichotsedwe m'mafoni onse a ntchito, poopa milandu. Anzawo onse anachotsa kalekale, iwo okha ndiwo ankazengereza, ndipo tsopano awakumbutsa komaliza.

“Ine kuchotsa kwake sindikudziwa,” anatero. “Munaika ndinu. Chotsaninso ndinu.”

Sanakweze mawu. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kuvula nsapato imodzi, kupumitsa phazi.

Ndinayatsa foniyo. Pulogalamu inatseguka, mtundu woyambirira weniweni, ndi kachithunzi kake konyansa kamene ndinajambula ndekha. Pamwamba pake kachizindikiro kankazungulira, kusonyeza kuti ikusaka foni inzake. Miyezi yonseyo aNankhoma ankalembabe odwala osabwera, foni n'kumasunga mauthengawo, n'kumasaka woti iwapatse, koma m'mapiri monse munalibenso foni ina yoiyankha. Ndikuyang'ana choncho, m'thumba mwanga munanjenjemera. Inali foni yanga. Ndinapinyolitsa laputopu, wotchi, ngakhale jekete ya ukwati, koma kafoni kanga kakale ndinali nako, ndipo pulogalamu ija sindinaichotsemo, kaya chifukwa cha ulesi kaya chiyani. Mafoni awiriwo anazindikirana. Ya aNankhoma inakhuthulira zonse mwa yanga, kachizindikiro kaja n'kuima. Pa yanga panalembedwa mawu amene ndinawalemba ndekha zaka zapitazo: mwanyamula mauthenga, pitirizani ulendo.

Kuwerenga sindikanatha, Tadala anawakhoma bwino. Ndinafunsa kuti ndi a ndani.

“Ambiri anabwera okha pambuyo pake,” anatero. “Ena ndinatuma anthu monga kale. Koma masiku ano anthu amati, si muli ndi mafoni? Saikirapo mtima ngati poyamba.” Anavala nsapato ija. “Mmodzi ndi bambo wa shuga wolima kachewere kuseri kwa phiri. Anadumpha tsiku lake nthawi ya mvula. Ndinatuma awiri, palibe anafikitsa. Anabwera naye pa machila mwendo utada. Tinamutumiza ku boma, sanabwereko.”

Ndinafuna kulankhula. Anakweza dzanja.

“Sindikuti munapha ndinu. Mwina akanapitabe, anali wouma mutu pa mankhwala. Ndangoyankha zimene mwafunsa. Chotsani, minibasi indisiya.”

Ndinachotsa. Zinatenga kanthawi kochepa kwambiri, kuposa kuthira shuga mu tiyi. Anafunsa mtengo. Ndinapukusa mutu, iwo anaika ndalama pa tebulo n'kumapita. Za patenti sananenepo kanthu, za dzina lawo sananenepo kanthu. Ndikukhulupirira kuti mpaka tsikulo sankadziwa n'komwe kuti ndinalumbira kuti nzeruyo ndi yanga. Iwo ankangodziwa kuti chinthu chimene chinkathandiza odwala awo chaletsedwa.

Anzanga, anthu ananditukwana pa intaneti zaka ziwiri, ndipo ndinali ndi yankho la aliyense. Mayi amenewa sananditukwane n'komwe. Ndinatsala pakhonde paja ndi foni yodzaza mauthenga a odwala, ndine wonyamula, koma kokapereka kulibe, chifukwa njira yake ndinaitseka ndine. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza bwino. Ndinalira pamaso pa anthu ogula sopo.

Musaganize kuti m'mawa mwake ndinadzuka munthu watsopano. Tsiku lomwelo ndinakamwa, ndi ndalama yomwe anasiya pa tebulo ija. Koma mowawo sunagwire. Patapita masiku ndinauza alamu kuti ndikufuna kusiya. Iwo sanandilalikire. Ananditengera ku chipatala, kwa achipatala oona za maganizo, chifukwa munthu wofika ponjenjemera sasiya yekha mwadzidzidzi, zitha kumupha. Amene muli pamenepo mumve zimenezo. Ndalama za pa tebulo anayamba kusunga ndi iwo. Madzulo ankanditengera ku mapemphero a pa mpingo wawo, kumene kunali abambo ena osiya mowa. Ndinagwa kangapo, n'kukamwanso. Ndinkabwerera mawa lake, nkhope ili pansi, iwo n'kundisunthira malo pa benchi.

Mutu utayamba kuyera ndinaimbira Tadala. Anayankha nditaimba kachitatu.

“Mukufuna chiyani, aKondwani?”

Ndinayamba kupepesa. Anandidula. Anati kupepesa sikubwezera pulogalamu m'mafoni a anamwino. Anandiuza kuti umboni woti nzeruyo inali poyera kale aliyense anali nawo, unali pa gulu zaka zonsezi. Chimene chinkasowa ndi mawu a munthu amene dzina lake lili pa patentiyo, olumbira kuti ananama. Kuli maloya ena kunja amene amathandiza magulu a openi sosi mwaulere, ndipo anali atamuuza kuti popanda zimenezo nkhaniyo ndi yaitali komanso yodula.

“Mukudziwa kuti akhoza kukusumirani?” anandifunsa.

Ndinkadziwa. M'kontirakiti munali mawu ondiletsa kuulula za kampani. Ndinazengereza mwezi wathunthu, ndisaname. Ndinkaopa ndende, ndinkaopa kuti Mphatso adzakula akumva kuti bambo ake analumbira bodza. Koma bodzalo ndinali nditalumbira kale, chotsala chinali choti adzamve kwa ine kapena kwa ena. Ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre, ndinalumbira pamaso pa loya. Ndinanena amene anayambitsa nzeruyo, amene analemba mbali iliyonse, ndi zimene anandiyankha pamene ndinafunsa za khodi yokhala poyera. ANankhoma nawonso maloya anawafunsa, anafotokoza za wakabaza ndi mayi wa kachewere, akudabwa kuti nkhani yotere ifunanso loya.

Kampani inandiopseza, monga ndinayembekezera. Ndinawerengera alamu uthenga wa kampaniyo. Iwo anapitiriza kuyeza mchere pa sikelo. “Akulandani chiyani? Tebulo? Tebulolo ndi langa.” Nkhaniyo inakoka nthawi yaitali, yotopetsa, maloya kulemberana zinthu zimene ine sindinkazimva. Pamapeto pake kampaniyo inaona kuti kupita ku khoti kuiyalutsa, ndiye inalengeza poyera kuti sidzaimba mlandu munthu aliyense wogwiritsa ntchito njirayo, kaya waitenga kuti. Taonani, mawu amene Tadala anandifunsa tsiku loyamba, oti zalembedwa kapena ayi, ndi omwewo amene tinawavutikira zaka. Patentiyo sinafafanizidwe. Ikadali m'kabati mwawo, ndi dzina langa pamwamba.

Gulu linandilandiranso, koma osati ngati kale. Kiyi yolowetsera khodi sanandibwezere. Chilichonse chimene ndalemba amayamba aona anthu awiri, ndipo ndikuvomereza kuti n'zoyenera. Ena amene anachoka nthawi ya mkangano sanabwerere, anapita ku mabanki ndi ku makampani a mafoni, ndipo ndikawalembera sayankha. Chimodzi chokha chinasintha kukhala bwino: nkhani ya malipiro tsopano timaikamba poyera. Bungwe likafuna kugwiritsa ntchito pulogalamu yathu, timaliuza kuti ndi yaulere ndithu, koma oisamalira amadya, liikepo kenakake m'bajeti. Ena amakana, ena amavomera. Ndikanatsegula pakamwa pa gulu nthawi ija m'malo mokatsegula ku nkhomaliro, bwenzi tinayamba kale.

Ndiye inu amene akukuimbirani. Sindikuti kampani iliyonse ndi mdani, kapena kuti mufe ndi njala kuti akutameni pa intaneti. Gwirani ntchito, lipidwani. Koma akakupatsani pangano lokhudza khodi imene mwalemba ndi anzanu, litengereni kwa anzanuwo lonse lathunthu, osati theka ngati ine. Akakuuzani kuti musaonetse munthu, dziwani kuti ayankha kale funso lanu. Pamene alemba za otetezedwa, musawerenge amene atchulidwa, sakani amene sanatchulidwe, ndipo mumuganizire ndi nkhope yake: namwino uti, chipatala chiti. Akati tiitseke kuti ena asaitseke, afunseni kuti alembe kuti aliyense ndi womasuka, kulikonse, mpaka kalekale. Wofunadi kuteteza savutika kulemba zimenezo. Ndipo ngati kutopa kwakufikani pakhosi, nenani kwa anzanu lero, musanafike pomwera kuti mugone. Ndikhala panja tikaweruka, amene akufuna kulankhula za mowa osati za khodi andipeza pamenepo.

Amake Mphatso sanabwerere. Amandilola kukaona mwana Lamlungu, ndipo posachedwapa anayamba kundipatsa mpando m'malo mondisiya chiimire pabwalo. Sindikufulumira, ndilibe ufulu wofulumira.

Pulogalamu ija tinaibwezeretsa. Gulu linandituma ine kukaika m'zipatala za kumtunda, poti ndili pafupi. Kwa aNankhoma ndinapita komalizira, ndinkazemba. Ndinawapeza pa tebulo lawo, mzere wa odwala uli mpaka panja. Anandipatsa foni osalankhula zambiri, ndinaika, ndinaiyesa ndi ya mlangizi amene analipo, zinagwira. Ndinaima pambali kuonerera. Wodwala woyamba atalowa, analemba mu foni. Atamaliza anakoka kaundula wamkulu wa pepala, n'kulembanso zomwezo ndi cholembera, mzere ndi mzere. Wachiwiri chimodzimodzi. Mzere panja sunkasuntha, anthu atakhala padzuwa, iwo maso akuvutika ndi timalemba.

Ndinawayandikira. Ndinati mayi, pepalalo mutha kusiya tsopano, nkhani ija inatha, zinalembedwa, palibe amene angaletsenso.

Sanakwiye. Anapitiriza kulemba mpaka kumapeto kwa mzere, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Ndamva, aKondwani, ndipo mwachita bwino kubwera. Koma mukadzatopanso ndi umphawi, odwala angawa ndidzawasaka kuti?”

Anaitana wotsatira. Mpaka lero amalemba kawiri, wodwala aliyense, tsiku lililonse, ndipo amaweruka mochedwa kuposa kale. Pulogalamu ndinabweza, koma ntchito yachiwiriyo ndinawasenzetsa ndine, ndipo sindikudziwa khodi yoichotsera.

Ndathera pamenepa. Zikomo pondimvetsera.